Galimoto ikamalira 'kwiii!' mmamawa

Miyezi ya June ndi July ikafika, galimoto zambiri zimayamba kudzutsa anthu oyandikana nawo nyumba. Mukangoliza injini mmamawa kuti mukatule ana kusukulu, kumamveka "kwiii!" ngati mwaponda kagalu. Pakatha mphindi ziwiri phokoso lija zii, ndipo bambo amauza mayi kuti, "Musadandaule, ndi chisanu chabe."

Nzoona, chisanu chili ndi mbali yake. Lamba wa injini, yemwe amakaniko amati fanibeluti, ndi wa labala, ndipo labala akazizidwa amalimba. Pakabweranso mame a ku Dedza kapena chiperoni cha ku Blantyre, lambayo amaterera pa mapule, timawilo tija amazungulirapo. Nthawi yomweyo alitaneta imakhala ikulimbana ndi kubwezera moto womwe batire lataya poliza injini, motero imalemera kuizunguza. Koma lamba wabwino, wokungika bwino, salira wamba. Chisanu chimangoulula nthenda yomwe inalipo kale.

Ndiye musanathamangire kukagula lamba watsopano, yambani mwadziwa chomwe chikulira. Lizani injini isanatenthe, kenako yatsani magetsi onse ndi AC. Phokoso likakula, nthawi zambiri ndiye kuti lamba wakhwepa kapena watha. Mutha kuwazanso timadzi pang'ono mkati mwa lambayo, mbali ya mizere, mutaima patali. Kulira kukawonjezereka, lamba sanakungike. Kukasiya kaye n'kudzayambanso madzi akauma, mwina mapule sakuyenda mzere umodzi. Koma madzi akapanda kusintha chilichonse, makamaka ngati mukumva "gwerere" ngati chigayo, kayikirani mabering'i a pule, a tenshona kapena a alitaneta. Pamenepo mungasinthe malamba atatu, phokoso silichoka.

Chonde amayi, chitenje chikhale kutali ndi injini yolira, nanunso abambo, tayi chimodzimodzi. Ana asayandikire n'komwe.

Injini mukaizimitsa, yang'anani lambayo. Ngati akunyezimira ngati galasi, wang'aluka kapena wanyowa ndi oyilo, ntchito yake yatha. Dziwaninso kuti malamba a masiku ano sang'aluka msanga, amangoperepeseka ngati tayala, choncho maso okha angakunamizeni. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa lamba n'kuzunguza pule iliyonse ndi dzanja. Yomwe ikugwedera kapena kukhula ndiyo mwini mlandu. Mukafika kugalaja, umirirani kuti achite zimenezi inu mukuona musanatulutse ndalama. Ndi bwinonso galimoto igone komweko kuti aimve mmamawa, chifukwa masana ikatentha imakhala chete ngati yosalakwa.

Zija amakonda ena, zopaka sopo, kandulo kapena bulekifuluwidi pa lamba, zisiyeni. Phokoso limatha masiku awiri, koma lamba amatereratu, ndipo zamafutazo zimadya labala.

Anthu ambiri amazengereza poti galimoto ikuyenda, ndalama nazo zapita ku fizi. Koma lamba ameneyu ndi amene amazunguza alitaneta, ndipo m'galimoto zambiri amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Akaduka muli pamsewu wa M1 usiku, ana ali kumbuyo, kagetsi kofiira ka batire kamayaka, pa galimoto zina chiwongolero chimauma, ndipo injini imawira pakangopita mphindi zochepa. Zikatero musakakamire kuti mufike kaye pa Ntcheu. Pakirani pambali, zimitsani injini, muitane makaniko. Mukapitiriza mudzawotcha gasiketi, ndipo mtengo wake lamba sangaufike.