MAU AMENE ANASUNGA MINDA YA KU MONTGOMERY

Kumpoto kwa mzinda wa Washington, likulu la dziko la America, kuli dera lochedwa Montgomery County, m'cigawo ca Maryland. Liu lakuti county tingaliyerekeze ndi boma la kuno kwathu, monga boma la Katete kapena la Petauke, kungoti khonsolo ya ku Montgomery iri ndi mphamvu zoculuka: imakhometsa misonkho, imapereka ndalama za masukulu, ndiponso ndiyo imanena cimene munthu angamange pa malo ake. Anthu a m'deralo amaposa miliyoni imodzi. Komabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lao, maekala 93,000, likali minda, nkhalango ndi madyetsero a ziweto. Cimene cacinjiriza mindayo ndi mau ocepa olembedwa m'malamulo a khonsolo, ndipo mauwo ndi amene tifuna kukumasulirani, awerengi athu.

Liu lalikulu ndi zoning. Khonsolo imajambula mapu a dera lonse, nkugawa malo: pano nyumba zogonamo, apo masitolo, uko mafakitale, kwinako ulimi. Munthu angakhale ndi cikalata ca umwini, koma sangaimike fakitale pakati pa nyumba za anzake. Eni malo ena sanakondwere nazo. Kampani ya Ambler Realty inasumira mudzi wa Euclid, ku Ohio, ponena kuti lamulo lotere latsitsa mtengo wa malo ake. Koma mu 1926 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mudziwo sunalakwe.

Pansi pa zoning pali mau ena amene banja lofuna kumanga limakumana nao. Setback ndi mpata woyenera kutsala pakati pa khoma la nyumba ndi malire a puloti. Puloti ikakhala yopapatiza kapena yotsetsereka kotero kuti mpatawo sungatheke, mwini wake amapempha variance, ndiko kuti cilolezo copatuka pang'ono pa lamulo. Anansi amadziwitsidwa, ndipo ali ndi ufulu wokatsutsa pa bwalo la pempholo. Kufuna phindu sikukwanira. Vuto liyenera kucokera ku malo enieniwo. Zonse zikalongosoka ndi pamene imatuluka building permit, cilolezo coyamba kumanga.

Tsopano tibwerere ku minda. Mzinda wa Washington unali kufutukuka, ndipo mafamu anali kudulidwa mapuloti mmodzi ndi mmodzi. Lamulo la nthawi imeneyo linali kulola nyumba imodzi pa maekala 5 ali onse. Mu 1980, pamene bungwe la mapulani linali kutsogoleredwa ndi a Royce Hanson, khonsolo inapatula dera laulimi lochedwa Agricultural Reserve, nkusintha lamulo: nyumba imodzi pa maekala 25. Kucepetsa kotereku amati downzoning.

Kwa mlimi imeneyi inali nkhonya ya pamimba. Munda wake ndiwo cikole cake ku banki, ndiwo cuma ca paukalamba wake, ndiwonso colowa ca ana. Mwini maekala 100, amene dzulo akanamanga nyumba 20, anangotsala ndi 4. Kodi mtengo wa nyumba 16 zinazo ukanangotha ngati mame?

Apa ndi pamene panalowa mau odabwitsa koposa onse: transferable development rights, mwacidule TDR. Anaganiza kuti ufulu womanga ungalekanitsidwe ndi dothi, nkugulitsidwa paokha. Mlimi analandira ufulu umodzi pa maekala 5 ali onse, monga mwa lamulo lakale. Wathu uja wa maekala 100 ali ndi maufulu 20. Akasunga 4 a nyumba zololedwa pa famu, otsalawo angawagulitse kwa kampani yomanga nyumba. Kampaniyo imapita nao ku malo amene khonsolo inasankha, kumene kuli kale miseu, madzi ndi mipope ya zonyansa, ndipo kumeneko imaloledwa kumanga nyumba zoposa mlingo wa nthawi zonse. Munda wotulutsa ufulu uli m'dera lochedwa sending area. Malo oulandira amati receiving area. Mlimi amalandira ndalama, munda nkukhalabe wake, napitiriza kulima.

Koma pali liu lina limene wosaina ayenera kulimvetsa asanagwire colembera: easement. Ndi pangano lolembedwa m'kaundula wa malo, lonena kuti ufulu wogulitsidwawo sudzabwereranso. Limamanga wogulitsa, ana ake, adzukulu ake, ndi ali yense wodzagula famuyo. Ndalama zimatha, pangano silitha.

Ife tiona kuti njira imeneyi ndi yanzeru, pakuti inasunga minda popanda khonsolo kugula dziko lonselo. Koma sitinganene kuti mlimi ali yense anabwezeredwa zonse zimene anataya. Mtengo wa TDR sumaikidwa ndi boma. Umakwera omanga akaculuka, nkugwa nchito yomanga ikazirala, ndipo mlimi wopanikizika ndi ngongole alibe nthawi yodikira caka cabwino. Nao anthu a ku receiving area ndiwo amasenza kuthithikana kwa nyumba ndi magalimoto.

Lamulolo linasiyanso kakhomo ka mabanja, kochedwa child lot: mlimi amene anali ndi famu lamulo lisanasinthe angadulire mwana wake puloti yomangapo nyumba pa munda wa makolo. Colinga cinali cakuti ana akhale pafupi ndi kupitiriza ulimi. Pambuyo pake kunamveka madandaulo akuti mapuloti ena otere anali kugulitsidwa kwa anthu akunja kwa banja, ndipo khonsolo inakhwimitsa malamulo a kakhomo kameneka.