Kukwera Sitima ya Pamadzi ndi Khanda: Zoyenera Kudziwa Tisananyamuke

Tchuthi chikayandikira, mabanja ena amakonza ulendo wa panyanja kuti akaone Likoma, Nkhata Bay kapena Chilumba. Ambiri a ife pasukulu pano sitinakhale makolo, komabe kwathu ndife azakhali ndi amalume, ndipo pa ulendo wotere ndife amene timapatsidwa mwana kuti tinyamule. Choncho funso lakuti khanda lingakwere sitima kapena ayi likutikhudza. Yankho ndi lakuti lingakwere, bola ulendo wonse ukonzedwe poganizira khandalo, makamaka kutalika kwa chipatala.

Makampani ambiri a sitima zikuluzikulu zonyamula alendo pa nyanja za mchere salola khanda losakwana miyezi 6. Ulendo ukakhala wa masiku angapo osaima padoko, ena amafuna kuti mwana akhale atakwanitsa miyezi 12. Sikuti amadana ndi kulira kwa ana. Khanda likadwala, matenda amakula msanga, pamene chipatala cha m'sitima sichingachite zonse, ndipo sitima singakhote ngati minibasi kuthamangira kwa dokotala. Maganizo omwewa ndi othandiza pa nyanja yathu, yomwe kutalika kwake kumaposa makilomita 550.

Sitima imene tonse timaidziwa ndi Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Imayenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kuima m'malo monga Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Ili ndi zipinda zogona zochepa, pamene anthu ambiri amakhala pansi pamodzi ndi matumba a chimanga, usipa ndi katundu wina. Banja loyenda ndi khanda lichite bwino kusungitsiratu chipinda ngati thumba likulola. Ngati silikulola, lifupikitse ulendo, mwachitsanzo kukwerera pa Nkhata Bay popita ku Likoma m'malo moyambira ku Monkey Bay.

Msinkhu ndi katemera

Khanda la masabata ochepa lisapite pa ulendo wongosangalala. Katemera woyambirira amaperekedwa mwana akangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku amayamba pa miyezi 9. M'sitima mumakhala anthu ambiri othithikana, ena akutsokomola, choncho mwana amene sanamalize katemera wa masabata 14 ali pachiopsezo chachikulu. Komanso khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi limafunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo, zomwe pakati pa nyanja sizitheka. Tisanagule matikiti, tipite kusikelo tikafotokoze za ulendowo, ndipo kabuku ka kuchipatala tikatenge. Safunsa anadya phula.

Nyengo

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti panyanja pamawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera imene imautsa mafunde akuluakulu. Makanda sachita nseru kawirikawiri ndi kugwedezeka kwa sitima, koma amayi awo amatha kusanza ndi kuchita chizungulire, ndipo munthu wa chizungulire sangagwire mwana bwino. N'chifukwa chake pamafunika akuluakulu awiri kapena kuposerapo. Usiku wa miyezi imeneyi kumazizira, ndiye chipewa, masokosi ndi kabulangete zisatsale. Mu Okutobala ndi Novembala vuto ndi dzuwa. Mwana akhale pamthunzi ndipo aziyamwa pafupipafupi.

Potsika ndi pokwera

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. M'malo ambiri mulibe doko loti sitima n'kugunda, choncho imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti aang'ono amene amawafikitsa kugombe. Nthawi zina izi zimachitika usiku, anthu akukankhana, katundu akudutsa pamwamba pa mitu. Tinazolowera kubereka mwana kumbuyo, ndipo pamsewu n'zabwino, koma pamakwerero a sitima mayi saona chimene chikuchitika kumsana kwake. Thumba kapena chitsulo chingagunde mutu wa mwana iye osadziwa. Njira yabwino ndi kudikira kuti khamu lichepe, wamkulu mmodzi atsike kaye n'kukhazikika m'boti, kenako mnzake amupatsire mwanayo mothandizidwa ndi ogwira ntchito m'sitima. Amene wanyamula mwana asanyamulenso chikwama.

Jekete yoyandamitsa munthu m'madzi ya wamkulu sigwira ntchito pa khanda, chifukwa limapulumukamo. Tifunsiretu ngati sitimayo ili ndi za ana, ndipo tikangokwera tione pamene zimasungidwa. Mwana amene wayamba kukwawa asasiyidwe pansi pafupi ndi zitsulo za m'mbali ngakhale kwa mphindi imodzi.

Chakudya ndi madzi

Khanda losakwana miyezi 6 loyamwa mwakathithi ndi losavuta kuyenda nalo, popeza silifuna madzi, botolo kapena phala. Mwana amene wayamba kudya amafuna chisamaliro chochuluka. Madzi ake akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, phala likhale lophikidwa kumene, ndipo chotsala chisasungidwe kuti adye madzulo. Tisambe m'manja ndi sopo tikamusintha thewera komanso tisanamudyetse. M'chikwama mukhale mapaketi a Thanzi ORS, chifukwa kutsegula m'mimba kumatha madzi m'thupi la mwana m'maola ochepa. Akasiya kuyamwa, maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, kapena akafooka kwambiri, tsikani pa malo oyamba amene pali chipatala. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's, ndipo ku Nkhata Bay kuli cha boma. Matewera titenge ochuluka kuposa masiku a ulendo, popeza sitima imatha kuchedwa, ndipo ogwiritsidwa kale ntchito tiwamange m'jumbo, osawataya m'nyanja.

Tikafika kugombe

M'mbali mwa nyanja muli udzudzu wambiri, ndipo malungo ndi oopsa kwambiri kwa ana osakwana zaka zisanu. Tinyamule neti yathuyathu yonyikidwa m'mankhwala, osadalira kuti tikaipeza kumalo ogona. Madzi osaya, makamaka a m'mabango, amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu. Chithunzi cha khanda likuvina m'madzi chimakongola pa WhatsApp, koma mwanayo asambitsidwe m'beseni ndi madzi owiritsa amene apola.

Khanda silidzakumbukira tchalitchi chachikulu cha ku Likoma kapena kutuluka kwa dzuwa panyanja. Ulendowo ndi wa ife akuluakulu, ndiye mwana asavutike chifukwa cha chisangalalo chathu. Ngati ali wamng'ono kwambiri, akudwala, kapena mwera wakula, tiuze achimwene ndi alamu mosapita m'mbali kuti adikire kaye. Nyanja idzakhalapobe chaka chamawa, mwanayo atayamba kuyenda yekha ndi kuloza mbalame ndi chala.