Phunziro la chloroquine lifike m'khola

Chitopa chikalowa m'mudzi, makamaka m'miyezi yotentha, ambiri a ife timathamangira kumsika kukagula makapisozi. Timawatsegula n'kuthira ufa wake m'madzi a nkhuku. Ena amatenga Bactrim amene adatsala pamene mwana ankadwala, n'kumusinja. Ndaziona pa Namwera, ndaziona ku Makanjira, ndipo ku Monkey Bay nkhani ndi yomweyo. Nkhuku zimafabe, ndalama yapita. Koma pali chinanso chimene timaononga osadziwa, ndicho mphamvu ya mankhwala amene ife tomwe tidzawafune tsiku lina tili gone m'chipatala.

Mlimi sakhulupirira msanga nkhani za kutali. N'chifukwa chake, alimi anzanga, ndikukumbutsani zimene zidachitika kwathu konkuno ku Mangochi.

Achikulire akukumbukira chloroquine. Adali mankhwala a malungo otsika mtengo, opezeka pagolosale iliyonse, ndipo munthu akangomva mutu kapena kuphwanya m'thupi ankangogula n'kumwa. Koma m'zaka za m'ma 1980 azachipatala adayamba kuona ana akubwerera kuchipatala ndi malungo omwe aja patangopita masiku ochepa. Kudandaula kokha sikukadasintha kanthu, pakuti boma silisintha mankhwala a dziko lonse chifukwa cha mphekesera. Pamafunika umboni.

Mbali ina ya umboniwo idachokera kuno. Kuyambira 1987 mpaka 1990, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CDC la ku America udachita kafukufuku wotchedwa Mangochi Malaria Research Project. Amayi oyembekezera oposa 4,000 adalembedwa kusikelo, magazi awo ankayezedwa, ndipo ana awo ankaikidwa pasikelo akangobadwa. Zidaoneka kuti amayi ambiri amene ankamwa chloroquine adali akadali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Kafukufuku wina wa ana aang'ono adaonetsa kuti malungo ankawabwerera msanga ndipo magazi awo sankabwerera m'thupi bwino. Zotsatirazi sizidasungidwe m'kabati. Zidafika kwa akuluakulu opanga malamulo, ndipo mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo.

Kodi mankhwala amatha bwanji mphamvu? Woweta ng'ombe amadziwa za nkhupakupa zimene zidaleka kufa ndi dipi. Mankhwala amapha tizilombo tofooka, koma tina tolimba timatsala. Totsalato ndito timaswana, ndipo ana ake amatengera kulimba kwa makolo. Mankhwala akamamwedwa pena paliponse, kapena pamlingo wochepa, tizilombo tolimba timapeza mpata wochuluka mpaka tokhatokha ndito timadzaza dera. Kachilombo ka malungo ndi kosiyana ndi mabakiteriya oyambitsa chibayo kapena kutsegula m'mimba, koma njira yopimira mankhwala ndi yomweyi.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi zimene zidatsatira. Chloroquine atachotsedwa m'zipatala, akatswiri a ku Blantyre adapitiriza kuyeza magazi a odwala. Mu 1992, tizilombo 85 pa 100 tidali ndi chizindikiro cha kusamva chloroquine. Pofika 2000 tidatsika kufika pa 13. Mu 2005 adayesanso mankhwalawa pa ana a ku Ndirande ndipo adachiza 99 pa ana 100 alionse, pamene Fansidar, amene nayenso adali atatha mphamvu, adachiza 21 okha. Mu 2007 boma lidasinthanso n'kubweretsa LA. Sindikunena kuti tibwerere ku chloroquine ayi, mankhwala a malungo ndi amene achipatala akupatsani mutayezedwa. Ndikunena kuti mphamvu ya mankhwala imadalira mmene anthu akuwagwiritsira ntchito. Sikuti mankhwala onse amabwerera chotere, ena akatha ndiye kuti atheratu, koma tidaona ndi maso kuti kuleka kumwa mwachisawawa kumapindula.

Tsopano vuto lakula pa mankhwala opha mabakiteriya, gulu la penicillin, amoxicillin, Bactrim ndi tetracycline. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998. Adapeza kuti mu 2003 tizilombo ta E. coli tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jekeseni amene madokotala amadalira wodwala akafooka kwambiri, sitinkakwana kamodzi pa 100. Mu 2016 tidafika pa 30. Tizilombo ta Klebsiella, timene timapha makanda ambiri, tidachoka pa 12 kufika pa 90 pa 100. Pa dziko lonse lapansi, akatswiri adawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo chathu cha Africa chidali m'gulu la zokhudzidwa kwambiri.

Mangochi idathandizanso kuyankha funso lina lovuta. Pakati pa 2014 ndi 2017, kafukufuku wotchedwa MORDOR adachitika kuno, ku Niger ndi ku Tanzania. Ana osakwana zaka zisanu m'midzi ina ankamwetsedwa azithromycin miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, odwala ndi osadwala omwe, kuti aone ngati imfa zingachepe. M'maiko atatu onse pamodzi imfa zidatsika ndi 13.5 pa 100. Ku Niger zidatsika ndi 18, pamene kuno zidatsika pang'ono, pafupifupi 6. Koma m'midzi yolandira mankhwala, tizilombo tosamva azithromycin tidachuluka. Poyesa mbali ziwirizi, bungwe la WHO mu 2020 lidakana kuti ana onse azimwetsedwa. Lidati njirayi iganiziridwe pa makanda osakwana chaka okha, m'madera amene imfa za ana n'zochuluka kwambiri, ndipo kusamva mankhwala kuzilondoledwa. Tsono ngati akatswiri amatenga zaka akusinkhasinkha asanamwetse ana osadwala, nanga ife timathiriranji mankhwala m'madzi a nkhuku zabwinobwino sabata ndi sabata?

Khola ndi chipatala n'zolumikizana. Oxytetracycline amene timabaya mbuzi ndi m'bale wa tetracycline ndi doxycycline wa anthu. Mapaketi ena a nkhuku amene timawatcha mavitamini ali ndi mankhwala opha mabakiteriya mkati mwake, werengani papepala muone. Ofufuza amene adacheza ndi oweta nkhuku ndi nkhumba ku Blantyre adapeza kuti ambiri ankagula mankhwalawa popanda kalata ya dokotala, ndipo masiku odikira asanagulitse nyama sankawasunga kawirikawiri. Tizilombo tolimba tikaswana m'mimba mwa nkhuku timatuluka ndi chitosi. Chitosicho timathira m'dimba la mpiru, ana amaseweramo pabwalo, ndipo mvula ikagwa imachikokolola kupita kunyanja ndi mu Shire, mmene timatunga madzi ndi kutsuka mbale. N'chifukwa chake ndondomeko imene boma lidakonza ya zaka za 2017 mpaka 2022 idaika pamodzi umoyo wa anthu, wa ziweto ndi wa chilengedwe.

Ndikudziwa kuti alangizi a ziweto ndi ochepa, ndipo mlimi wa ku Katuli kapena kwa Nankumba sangaonerere chuma chake chikufa akudikira munthu wa njinga yamoto. Koma pali zimene tingachite tokha. Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndipo kapisozi sapha vairasi ngakhale mutathira botolo lonse. Chotchinjiriza ndi katemera wa I-2 amene amapangidwa ku Lilongwe, dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse, matenda asanafike. Alimi a mudzi umodzi akasonkherana, botolo limodzi limakwanira makola angapo. Nkhuku yogula kumsika isungidwe payokha kwa sabata ziwiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Khola lisesedwe, madzi akhale oyera, ndipo manyowa awolerane bwino asanapite kudimba.

Chiweto chikadwala, funsani mlangizi musanagule kanthu, paja safunsa adadya phula. Mukapatsidwa mankhwala, perekani mlingo wolembedwa kwa masiku amene mwauzidwa. Pabotolo palembedwanso masiku odikira musanaphe, musanakame kapena kugulitsa mazira. Mbuzi yobayidwa dzulo si yogulitsa pa Eid kapena paukwati wa mawa. Mankhwala oyalidwa padzuwa pamsika asiyeni, gulani m'sitolo zovomerezeka ndi bungwe la PMRA. Ndipo mankhwala a anthu asalowe m'khola.

Chomaliza ndi cha kafukufuku amene. Zimene zidasintha lamulo mu 1993 zidatheka chifukwa amayi a kuno adalola kulembedwa ndi kuyezedwa mwezi ndi mwezi. Ku mbali ya ziweto, kuwerengera kotere kukadali m'mbuyo poyerekeza ndi kwa m'zipatala. Tsono sungani kope, lembani dzina la mankhwala, tsiku, chiweto chimene mwapatsa ndi zimene zidatsatira. Ofufuza akabwera kudzera kwa amfumu ndi mlangizi kudzatenga chitosi kapena madzi a m'chitsime, alandireni, koma afunseni kuti akufuna kudziwa chiyani ndipo adzabweza liti mayankho. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso muli ndi ufulu womva zimene apeza. Ine pempho langa kwa oyendetsa kafukufuku ndi lakuti zotsatira zisamathere m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Zibwere pansi pa mtengo pamene pamasonkhana kalabu ya alimi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti mwini nkhuku adziwe mankhwala amene akugwirabe ntchito m'dera lake ndi amene adaleka.