Kompyuta ili pamwendo panu, woiyendetsa ali kwina

Mu March 2013, Cassidy Wolf, mtsikana wa ku California m'dziko la America, adalandira chenjezo la Facebook loti wina akuyesa kusintha pasiwedi yake. Asanamvetse chomwe chikuchitika, imelo idalowa. Wotumizayo sadadzitchule dzina, koma adaikamo zithunzi za Cassidy ali m'chipinda chake chogona akusintha zovala. Adamuopseza kuti akapanda kutumiza zithunzi zina, kapena kuchita zomwe angamuuze pa Skype, zomwe anali nazozo azimwaza pa intaneti.

Palibe yemwe adasuzumira pazenera. Zithunzizo idajambula ndi laputopu yake yomwe, ndipo malinga n'kufotokoza kwake, kanyali kamene kamayaka kamera ikamagwira ntchito sikadayakepo. Nkhani itafika ku FBI, wolakwa adapezeka kuti ndi Jared James Abrahams, mnyamata yemwe adaphunzira naye sekondale imodzi ku Temecula. Mu March 2014 khoti lidamulamula kukakhala kundende miyezi 18. Apa n'kuti Cassidy atapambana mpikisano wa chiphadzuwa wa Miss Teen USA 2013, ndipo m'malo moibisa nkhaniyo chifukwa cha manyazi, adayamba kuikamba poyera pochenjeza anzake.

Imodzi mwa mapulogalamu omwe Abrahams ankagwiritsa ntchito ndi Blackshades, yomwe inkagulitsidwa madola 40 okha. Ikangolowa m'kompyuta ya munthu, wogulayo ankaona zonse zili pasikirini, ankasunga chilembo chilichonse chomwe mwini wake watayipa, ankatsegula mafailo ndi kuyatsa kamera. Sipankafunika sukulu ya makompyuta, zonse zinali zongodina. Mu May 2014 FBI ndi apolisi a mayiko ena adanjata anthu oposa 90, ndipo adalengeza kuti pulogalamuyi idalowa m'makompyuta oposa 500,000 m'mayiko oposa 100. Mwini malondawo, Alex Yücel wa ku Sweden, adamupatsa miyezi 57.

Msika sudathere pomwepo. Mu 2019 apolisi a ku Australia adatsogolera ntchito yothetsa pulogalamu ina yotere yotchedwa Imminent Monitor, yomwe idagulidwa ndi anthu oposa 14,500 m'mayiko 128. Ena mwa ogula a ku Australia anali anthu omwe mayina awo anali kale kukhoti pa nkhani za nkhanza za m'banja. Mu February 2024 idathetsedwanso ina yotchedwa Warzone, ndipo anthu awiri adagwidwa, wina ku Malta wina ku Nigeria.

Mafilimu adatizoloweza kuganiza kuti wolowa m'kompyuta ya mnzake ndi katswiri wobisa nkhope, wotayipa mothamanga mumdima. Zoona zake n'zochititsa manyazi. Nthawi zambiri amene amamulowetsa ndi mwini kompyuta, ndi dzanja lake, pena akuthokoza n'kuthokoza komwe.

Zimayamba chonchi. Munthu ali pa intaneti, mwadzidzidzi sikirini yadzaza ndi chenjezo lofiira, alamu ikulira, mawu akuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi, imbani nambala iyi msanga. Akaimba, woyankha ndi waulemu kwambiri, akuti ndi wa Microsoft. Amamuuza kuti aike kapulogalamu kakang'ono, AnyDesk kapena TeamViewer, kenako awerenge manambala omwe aoneke ndi kudina batani lovomereza. Basi. Kuyambira pamenepo kamuvi ka mausi kali m'manja mwa mlendo. Antivirus siilira, chifukwa mapulogalamuwa ndi abwinobwino: akatswiri a m'maofesi amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pokonza makompyuta a anthu ali kutali. Microsoft idanena kale kuti siimbira anthu foni popanda iwo kupempha, ndiponso kuti machenjezo ake enieni sakhala ndi nambala ya foni.

Msampha woopsa kwambiri ndi wa kubweza ndalama. Akathyaliwa amauza munthu kuti kampani ikufuna kumubwezera madola 200, choncho alowe mu akaunti yake ya kubanki kuti aone zikulowa. Akalowa, amamudetsera sikirini kwa kanthawi. Mumdimamo amasintha manambala a patsamba la banki lomwe lili pasikirinipo, kapena kusamutsa ndalama za munthu yemweyo kuchoka ku akaunti yosungira kupita ku ina. Kuwala kukabwerera, pakuoneka kuti zalowa 20,000. Pafoni mawu asintha, munthu uja akulira: walakwitsa, waonjezera maziro, abwana amuchotsa ntchito, ana ake adya chiyani, chonde bwezani zapamwambazo. Wachifundoyo amathamanga kukatumiza ndalama zake zenizeni pobweza ndalama zomwe sizidalowe n'komwe. Akadangodina F5 kuti tsamba litsegukenso, manambala osinthidwawo akadafufutika pomwepo, n'chifukwa chake samulola kukhudza kiyibodi kapena kudula foni.

Mkulu wina wa ku Northern Ireland, wodziwika pa YouTube ndi dzina loti Jim Browning, amawalola dala akathyali otere kulowa m'kompyuta yake kenako n'kuwatsata mpaka kwawo. Adafika polowa m'makamera a ofesi ina ku Gurugram, pafupi ndi Delhi ku India, n'kumaonera anyamata ndi atsikana atakhala m'mizere, zomvera kumakutu, akubera anthu ngati ntchito ina iliyonse. BBC idaonetsa zimenezi pa pulogalamu ya Panorama mu March 2020, ndipo apolisi adakagwira mwini ofesiyo.

Abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa, komwe za kubanki zambiri zimachitikira pa intaneti, mafoni otere amawalandira. Kuno kwathu njira yotakasuka ndi ina. Laputopu yakaunjika imafika kwa mwini wake itadutsa m'manja angapo, Windows ndi Office zoikidwa kumsika, zopanda laisensi. Mapulogalamu obedwa otere amafuna kuti uyambe wazimitsa antivirus kuti alowe, ndipo opanga mapulogalamu aukazitape amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakonda kubisa katundu wawo mmenemo. Mmisiri wa pamsika angakhale wokhulupirika ndithu, iyenso n'kukhala kuti sakudziwa chomwe chili pafulashi yake yomwe yalowa m'makompyuta a tauni yonse. Ndiye pali wa m'nyumba: mwamuna wansanje, chibwenzi chakale, mnzako wa kuhositelo yemwe adabwereka laputopu kuti atayipe asainimenti. Amenewa safunika kupusitsa aliyense, pasiwedi amaidziwa.

Nanga munthu angadziwe bwanji? Ambiri amayembekeza kuona kamuvi kakuyenda kokha. Kakamayenda mwanzeru, kutsegula foda iyi, kudina apo, mawu n'kumalembeka okha, palibenso chofunsa. Koma kamuvi kongonjenjemera kapena kulumphalumpha nthawi zambiri ndi fumbi, chinyezi, kapena batire lotupa lomwe likukankha kuchokera pansi. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani intaneti. Kakapitiriza, vuto ndi la makina. Ndipo wakuba wochenjera kamuviko sakakhudza n'komwe, paja chakudza sichiimba ng'oma.

Amene amagwira akuba otere ndi anthu osanyozera tinthu ting'onoting'ono. Mu 1986, Clifford Stoll wa ku Lawrence Berkeley Laboratory adapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chomwe mabuku a malipiro ogwiritsira ntchito makompyuta ankasiyana ndi masenti 75. Wina akadangoti ndi masamu olakwika. Iye adalondola masentiwo miyezi yambiri mpaka adatulukira Markus Hess wa ku Hanover m'dziko la Germany, yemwe ankalowa m'makompyuta a asilikali a America n'kumagulitsa zomwe wapeza ku bungwe la ukazitape la KGB.

Ife masenti 75 athu ndi bandulo. Munthu wa ku London wolipira intaneti ya mwezi yopanda malire sangazindikire kuti kompyuta yake ikutumiza zithunzi kunja usiku wonse, koma wogula data yoyeza amaiwerengera. Ikatha msanga, tisanayambe kutukwana kampani ya mafoni, ndi bwino kutsegula Settings, kupita pa Network & Internet ndi kupeza Data usage. Pamenepo Windows imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi data yomwe yadya m'masiku 30 apitawo. Kawirikawiri wolakwa amakhala Windows Update kapena ana oonera YouTube. Koma pakakhala dzina lachilendo pamwamba, kapena AnyDesk yomwe simudaigwiritsepo ntchito, mwapeza poyambira.

Kuchokera apo, onani mndandanda wa mapulogalamu oikidwa, muwasanje potsata tsiku lomwe adalowa, ndipo mufunse za iliyonse yomwe simukuikumbukira. TeamViewer, AnyDesk, UltraViewer, ScreenConnect, Chrome Remote Desktop ndi onse okhala ndi zilembo VNC ndi oyenera kuwayang'anitsitsa. AnyDesk ndi TeamViewer amasunga mbiri ya omwe adalumikizana ndi kompyutayo, ndipo onse awiri ali ndi malo oikapo pasiwedi yolowera popanda mwini wake kuvomereza. Zili ngati mmisiri yemwe mudamubwereka kiyi kuti akonze mpope, iye n'kukadulitsa ina yake asanabweze. Kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, momwe muli mndandanda wa zonse zomwe zimadzuka zokha kompyuta ikayaka. Onaninso ngati Remote Desktop ndi yoyatsa, komanso ngati pali akaunti ya munthu yomwe simudapange ndinu. Pa Mac zolowera kutali zili pa Sharing. Wodziwako pang'ono angatsegule Event Viewer: nambala 4624 imasonyeza kuti wina walowa, ndipo ikakhala ya mtundu 10 ndiye kuti walowa ali kutali.

Kanyali ka kamera musakakhulupirire kwambiri. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins adaonetsa kuti pa MacBook zakale kamera ingajambule kanyaliko kali chete. Mu 2016 anthu adaseka ataona chithunzi cha Mark Zuckerberg wa Facebook laputopu yake itamatidwa tepi pakamera, koma chaka chomwecho James Comey, yemwe anali mkulu wa FBI, adavomera kuti nayenso amamata. Tepiyo imatseka diso lokha, makutu ndi kiyibodi zimakhalabe pambalambanda.

Mukatsimikiza, kapena mukangokayikira kwambiri, chofunika ndi kudziwa choyamba ndi chiti, chifukwa ambiri amayambira kumapeto. Amathamangira kusintha mapasiwedi pakompyuta yomweyo, osadziwa kuti akumulembera wakubayo atsopanowo. Choyamba ndi kudula intaneti: zulani waya, zimitsani Wi-Fi kapena hotspot ya pafoni. Ngati kamuvi kakulimbana nanu, dinikizani batani loyatsira mpaka kompyuta izime. Ngati pali wina pafoni, mudulireni osatsanzika.

Kenako tengani chipangizo china chomwe mukuchikhulupirira. Yambani ndi imelo, chifukwa mapasiwedi ena onse akaiwalika amabwezeredwa kudzera mmenemo. Sinthani pasiwedi, tulutsani zipangizo zonse zomwe zidalowamo, yatsani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa, ndipo muone ngati wina sadaikemo lamulo loti makalata anu azipitanso kwa iye. Mapasiwedi onse omwe Chrome kapena Edge idasunga muwatenge ngati obedwa. Imbirani banki pa nambala yolembedwa pakhadi lanu. Pa WhatsApp tsegulani Linked devices, pakuti wokhala ndi laputopu yanu angakhale akuwerenganso macheza anu.

Musanafufute kanthu, jambulani ndi foni zomwe mwapeza: dzina la pulogalamu, tsiku, manambala a wolumikizanayo. Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo ndi lomwe lidakhazikitsa Malawi CERT pansi pa MACRA. Kupolisi amafuna umboni, ndipo kompyuta yofomatidwa siilankhula. Kwa yemwe akukayikira munthu wa m'nyumba wankhanza, kuchotsa pulogalamuyo kumamudziwitsa kuti wagwidwa, choncho thandizo lifunidwe kaye pa foni ina.

Pa funso loti kuchotsa pulogalamu n'kokwanira kapena ayi, ine ndimaima kumbali yowawa. Microsoft Defender ili ndi njira yofufuza kompyuta Windows isanadzuke, ndipo imagwira zambiri. Koma munthu yemwe adakhala m'kompyuta mwanu ndi mphamvu zonse, ngakhale kwa theka la ola, adatha kusiya zinthu zomwe simudzaziona. Koperani zikalata ndi zithunzi zokha, osati mapulogalamu, kenako fomatani n'kuika Windows yochokera kwa Microsoft. Kuikanso ya pafulashi ija ndi kubwerera komwe mwachokera. Dziwaninso kuti Windows 7 idasiya kulandira zigamba zachitetezo mu January 2020, ndipo Windows 10 idafika pamapeto ake pa 14 October 2025. Laputopu yokalamba yomwe singanyamule Windows 11 ingathe kuyenda bwino ndi Linux Mint, yomwe ndi yaulere mwalamulo.

Pakapita masabata angapo, foni ikhoza kuliranso. Woimbayo adzanena kuti ndi wa kubanki, wapolisi, kapena wa kampani yothandiza anthu oberedwa. Adzatchula dzina lanu, tsiku lomwe zidachitika ndi ndalama zomwe mudataya, chifukwa akathyali amagulitsana mayina a anthu omwe adagwapo kale. Adzalonjeza kubweza zonse, bola muike kapulogalamu kakang'ono kuti akuthandizeni kulemba fomu.