Mphunzitsi Sagwira Wothamanga

Softball ndi maseŵera amene anayambira mumzinda wa Chicago, m'dziko la Amereka, m'chaka cha 1887. Bwalo lake lili ndi ngodya zinayi, ndipo kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake pali mamita 18 ndi kachidutswa. Woseŵera wa timu ina amaponya mpira, ndipo wa timu inayo amaumenya ndi ndodo. Akaumenya amataya ndodoyo nayamba kuthamanga. Akaponda ngodya zonse zinayi, timu yake imapata chigoli chimodzi.

Kuthamangaku kuli ndi malamulo ake, ndipo oweruza maseŵera ndiwo amaonetsetsa kuti akutsatidwa. Wothamanga ayenera kuponda ngodya iliyonse motsatana, osadumpha ngakhale imodzi. Sayenera kuchoka pa ngodya mpira usanachoke m'dzanja la woponya. Saloledwanso kupitirira mnzake amene ali patsogolo pake. Woswa malamuloŵa amatulutsidwa, ndipo akatuluka atatu, timu yawo imaleka kumenya mpira nipatsa mpata inzake.

Wothamanga sangathe kuyang'ana njira ndi mpira nthaŵi imodzi. Chifukwa cha ichi, aphunzitsi aŵiri a timu yake amaima pambali pa bwalo, wina pafupi ndi ngodya yoyamba, wina pafupi ndi yachitatu. Iwoŵa amaloledwa kufuula ndi kukweza manja pomuuza kuti aime kapena apitirire. Koma mphunzitsi akamugwira kuti amuimitse, akamukankha kuti afulumire, kapena akamudzutsa atagwa, woweruza amatulutsa wothamangayo. Lamuloli linaikidwa pofuna kuti chigoli chizibwera ndi liŵiro la mwini wake.

M'mwezi wa Epulo, chaka cha 2008, lamuloli linaimitsa anthu mitu mumzinda wa Ellensburg. Timu ya atsikana ya sukulu ya ukachenjede ya Western Oregon inali kuseŵera ndi ya Central Washington. Mtsikana wina wa Western Oregon, dzina lake Sara Tucholsky, anamenya mpira mwamphamvu mpaka unadumpha mpanda. Womenya chotere amazungulira bwalo popanda womuletsa, koma ayenerabe kuponda ngodya zonse.

Chifukwa cha chimwemwe, Sara anapitirira ngodya yoyamba osaiponda. Pobwerera anavulala bondo, nagwa pansi. Anakwawa mpaka pa ngodyayo, koma kuimirira kunamukanika. Oweruza anati aphunzitsi ake kapena anzake akangomunyamula, ndiye kuti watuluka.

Pamenepo Mallory Holtman, wa timu ya Central Washington, anafunsa ngati iye ndi anzake angaloledwe kumunyamula. Oweruza anavomera, popeza panalibe lamulo loletsa zimenezi. Tsono Mallory ndi mnzake Liz Wallace anamunyamula Sara nayenda naye pang'onopang'ono. Akafika pa ngodya, ankamutsitsa kuti aiponde ndi phazi la mwendo wabwinowo. Motero chigoli chake chinaŵerengedwa.

Tsiku limenelo Central Washington inagonja ndi zigoli 4 kwa 2, ndipo chimodzi mwa zigolizo chinali cha mtsikana amene iwo anamunyamula. Aphunzitsi anaugwira mtima osakhudza woseŵera wawo, ndipo atsikana aŵiri aja anachita monga mwa mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Mafunso

1. Kodi maseŵera a softball anayambira kuti, ndipo m'chaka chiti?
2. Tchulani malamulo atatu amene wothamanga ayenera kutsata.
3. Kodi mphunzitsi amaloledwa kuchita chiyani, nanga saloledwa chiyani?
4. N'chifukwa chiyani anzake a Sara sanamunyamule?
5. Fotokozani tanthauzo la mawu akuti "kuimitsa anthu mitu" ndi "kuugwira mtima".