Alovera wa mawanga sayenda malonda

Wogulitsa maluwa a m'zitini akachoka ku Thambani n'kukayala pa boma la Mwanza, kasitomala amayamba wayang'ana masamba. Alovera wa mawanga amabwerera kunyumba.

Mawanga akuda, ofewa, amadza ndi madzi ochuluka, makamaka m'dzinja. Ouma, otuwa, ndi dzuwa la Okutobala lomwe lawaula chomera chozolowera mthunzi, amenewa safalikira. Toyera tonga thonje ndi kodikodi, yemwe amachoka ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo.

Tsamba lowola silichira. Lidulidwe patsinde ndi mpeni wotsuka bwino, n'kutayidwa kutali. Chitini chibooledwe pansi, dothi lisakanizidwe ndi mchenga wa kumtsinje.

Ambiri amalakwitsa pothirira tsiku ndi tsiku ngati tomato wa kudimba. Alovera amafuna dothi liyambe lauma, ndipo madzi azipita padothi, osati pamasamba.