Kuphunzira kudzisokera zovala: poyambira ndi pati?

M'misika ya m'boma la Karonga nsalu sizisowa, chifukwa zitenje zambiri zimalowa kuchokera ku Tanzania kudzera pachipata cha Songwe. Chomwe chimavuta ndi ndalama yolipira telala, komanso kudikira, makamaka mu Disembala pomwe ntchito imawachulukira amisiriwa.

Wofuna kuyamba kudzisokera safunika makina tsiku loyamba. Singano, ulusi, sizasi yakuthwa, choko ndi tepi yopimira n'zokwanira. Chovala chabwino kuyambira ndi siketi ya lasitiki, popeza misoko yake ndi yowongoka ndipo ilibe zipi. Malaya a kolala adikire kaye.

Ambiri amalakwitsa asanagwire n'komwe singano. Chitenje chathonje chimafupika chikachapidwa koyamba, ndipo china chimasuluka. Choncho nsalu iyenera kuchapidwa ndi kusitidwa isanadulidwe. Kupanda kutero, chovala chokwana bwino lero chidzathina sabata yamawa. Podula, muzisiya masentimita 1.5 m'mbali monse kuti msoko upeze malo. Ngati mulibe patani, sosolani chovala chakale chomwe chimakukhalani bwino, muyale zidutswa zake pansalu ndi kulemberera ndi choko.

Pogula makina, opalasa ndi mapazi monga Singer kapena Butterfly ndi odalirika kwa ife omwe magetsi amatithimira kawirikawiri. Yambani kuyeserera pazigamba mpaka phazi ndi dzanja zitagwirizana.

Ofuna satifiketi angafunse za maphunziro ausoki m'makoleji ovomerezeka ndi bungwe la TEVETA.